Mendulo ya madokotala a msana ndi zimene zinasunga moyo wa mlongo wanga

Ndimagwira ntchito yosamalira odwala m'makomo mwawo kuno ku England. Bambo amene ndimawasamalira anathyoka khosi pa ngozi ya galimoto adakali mnyamata. Lero mutu wawo uli mbuu ndi imvi, ali ndi zidzukulu, ndipo zaka zimene akhala pa njinga ya olumala zaposa zimene anayenda ndi miyendo yawo. Nditangoyamba ntchitoyi zinkandizunguza mutu, chifukwa kwathu ku Dedza ndinakula ndikudziwa kuti munthu akathyoka msana ndiye kuti maliro ali pafupi. Ankabwera naye kuchokera kuchipatala, n'kumugoneka pamphasa m'chipinda cha kuseri. Mwezi woyamba anthu ankabwera kudzazonda, kenako fungo linkayamba, ozonda n'kumachepa, ndipo chaka chisanathe tinkamva kuti watisiya. Tinkati msana wamupha.

Si msana umene unkapha anthu aja. Zimenezi ndinaziphunzira kuno, ndipo zinadzandithandiza pamene mlongo wanga wamng'ono, amene ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza, anawombedwa ndi galimoto mumsewu wa M1 n'kuthyoka msana pakati pa mapewa. Ndikulembera inu amene muli ndi m'bale wotere, kaya akadali m'chipatala kaya mwatuluka naye.

Bambo ndimawasamalirawa amapita kukaonedwa ku Stoke Mandeville, chipatala cha m'tauni ya Aylesbury chimene chili ndi gawo lalikulu la ovulala msana, ndipo ine ndimawaperekeza. Ndi iwo amene anandiuza za mendulo imene bungwe la International Spinal Cord Society, limene ambiri amangoti ISCoS, limapereka kwa munthu amene wachita zazikulu pa chisamaliro cha ovulala mtsempha wa mumsana. Bungweli linayamba mu 1961 ndi dzina loti International Medical Society of Paraplegia, ofesi yake ili ku Stoke Mandeville komweko, ndipo menduloyi inayamba kuperekedwa m'zaka za m'ma 1970. Bambowa amatsatira chaka ndi chaka kuti yapita kwa ndani. Ndinawafunsa ngati olandirawo ndi amene anapeza mankhwala olumikiza mtsempha woduka. Anapukusa mutu. Anati mankhwala amenewo palibe amene wawapeza mpaka lero, koma kuti iwo ali moyo chifukwa cha dokotala wina amene ankaumirira zoti odwala azitembenuzidwa usiku.

Dokotala ameneyo ndi Ludwig Guttmann, pulezidenti woyamba wa bungweli komanso mmodzi mwa oyamba kulandira menduloyi. Anali Myuda wa ku Germany, wobadwa mu 1899. Mu 1917, ali mnyamata wothandizira pa chipatala cha anthu a m'migodi ya malasha ku Königshütte, anaona mwamuna wamphamvu zake wothyoka msana, ndipo akuluakulu anamuuza kuti asadzivute naye poti sakhalitsa. Patatha milungu isanu mwamunayo anamwaliradi, osati ndi fupa lothyokalo, koma ndi zilonda komanso matenda a m'njira ya mikodzo. Umu ndi mmene zinkakhalira kulikonse. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali pafupifupi 8 mwa 10 alionse ovulala mtsempha wa mumsana ankamwalira m'milungu yochepa. Guttmann anathawa ulamuliro wa Hitler mu 1939 n'kukakhala ku Oxford, ndipo mu February 1944 boma la Britain linamupatsa wodi ku Stoke Mandeville kuti azilandira asilikali ovulala msana. Lamulo lake linali loti wodwala aliyense atembenuzidwe maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndipo iye mwini ankatulukira m'wodi pakati pa usiku kudzaona ngati zikuchitikadi. Analimbikitsa kutulutsa mikodzo ndi kachubu kolowetsa n'kuchotsa nthawi yomweyo. Odwala akadzuka ankawapatsa ntchito zamanja ndi masewera. Pa 29 July 1948, tsiku limene masewera a Olympics ankatsegulidwa ku London, odwala 16 anapikisana kuponya mivi pa bwalo la chipatalacho, ndipo mpikisano umenewu ndi umene unakula n'kudzakhala Paralympics, mpikisano wa dziko lonse wa masewera a anthu a ulumali, imene inachitika koyamba ku Rome mu 1960.

Anthu ambiri amakonda kukamba za masewerawo. Ine chimene chinandigwira mtima n'choti pa zonse zimene zinasiyitsa imfa zija, zambiri sizifuna makina. Zimafuna manja, wotchi, sopo, mapilo ndi munthu wosatopa. Zimenezi ku Dedza ziliko.

Pamene uthenga wa ngozi unkandipeza, mlongo wanga anali atanyamulidwa kale. Anthu achifundo anamugwira wina manja wina miyendo, thupi lili lende pakati, n'kumukweza kumbuyo kwa galimoto. Sindiwaimba mlandu, ankapulumutsa munthu. Koma mukadzapeza wina wagwa pa njinga, mumtengo wa mango kapena padenga, akunena kuti khosi kapena msana ukuwawa, kapena sakuimva miyendo, musamukhazike ndipo musamupinde. Wina agwire mutu kuti usagwedezeke, enanu mumutembenuze thupi lonse pamodzi ngati chipika, mumugoneke pachitseko kapena pathabwa, n'kumunyamulira pomwepo. Fupa lothyoka likasuntha limatha kumaliza kuwononga mtsempha umene unali utangophwanyika pang'ono.

Kuchipatala ndinauza mlamu wanga kuti afunse adokotala zinthu ziwiri: wavulala pa fupa liti, ndipo ali pa chilembo chanji. Zilembozi anaziyambitsa mu 1969 ndi Hans Frankel, amene ankagwira ntchito ndi Guttmann, ndipo muyezo umene madokotala amagwiritsa ntchito lero unasunga zilembo zomwezo kuyambira A mpaka E. A ndiye kuti kumunsi kwa povulalapo kulibe kumva kapena kugwedezeka kulikonse, E ndiye kuti zonse zili bwino. Yankho linabwera loti T4, kutanthauza fupa lachinayi la msana wa kuseri kwa chifuwa, chilembo A. Manja ake anali bwinobwino, koma kuyambira pa mzere wa mawere kutsika kumunsi sankamva kanthu. Ndinalira, koma zinatithandiza kudziwa chimene tikulimbana nacho. Amayi ankafuna kugulitsa dimba kuti tipeze ndalama za opaleshoni kwina, poganiza kuti akangomung'amba adzuka. Ndinawafotokozera kuti opaleshoni imalimbitsa mafupa ndi kuchotsa chimene chikufinya mtsempha, ndipo ndi madokotala amene amaona ngati ikufunika, koma silumikiza mtsempha umene wawonongeka. Alangizi enanso sanachedwe, ena a mapemphero a ndalama, ena a mphini. Ndinati, "Amayi, pempherani mmene mungathere, nanenso ndikupemphera. Koma lumo lisakhudze khungu limene mwini wake sakulimva." Dimba lija likadalipo, ndipo ndi limene likumudyetsa.

M'zipatala zathu anamwino ndi ochepa, odwala ndi ambiri, ndipo ntchito ya usiku imagwera gadiyani. Mlamu wanga ankagona pansi pa bedi atayala chitenje. Tinatchera alamu pa foni yake kuti izilira maola awiri alionse. Masiku oyamba, fupa lisanagwire, kutembenuza kunkafuna anthu atatu ndiponso kutsatira mmene anamwino anawasonyezera, ndiye ankadzutsa magadiyani anzake, iyenso n'kumawathandiza pa odwala awo. Chagada, kumanzere, kumanja, pilo pakati pa mawondo, pilo ina pansi pa akatumba kuti zidendene zikhale m'malere.

Apa ndifotokozepo bwino, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Iwe ndi ine tikagona timatembenuka tokha osadziwa, thupi likamva kuphinjika. Wovulala msana uthenga umenewo sumufika. Mnofu wapakati pa fupa ndi bedi umasowa magazi n'kuyamba kufa, ndipo umayambira mkati, pafupi ndi fupa. Pamene khungu likutseguka kunja, mkati muli kale dzenje. Mabuku ambiri amati muziyang'ana pamene pafiira, koma amenewo analembedwa poyang'ana khungu la azungu. Pa khungu lathu malowo amada kuposa pozungulira, amatha kunyezimira, ndipo ukawakhudza ndi kuseri kwa dzanja amakhala otentha kapena olimba mosiyana ndi pena ponse. Muziona m'mawa ndi madzulo: pa fupa la pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene, akakolo, mapewa, ndipo akayamba kukhala pa njinga, mafupa awiri okhalira aja.

Tsiku lina madzulo mlamu wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, ataunikira ndi tochi. Pamwamba pa matako panali kadontho kakuda, khungu losatseguka n'komwe. Analemba kuti, "Alamu, ndi kakang'ono, ndingopakapo mafuta n'kupasisita?" Ndinamuimbira nthawi yomweyo. Ndinati asapasisite, asapathowe ndi madzi otentha, asaikepo nkhata ya nsalu, chifukwa nkhata imangofinya pozungulira n'kutsekereza magazi otsalawo. Mankhwala ake ndi amodzi: asagonerepo ngakhale pang'ono mpaka khungu libwerere mwakale, ndipo anamwino apaone. Mlongo wanga anadandaula kuti watopa kugonera m'mbali, ananyanyala, koma mkazi wake sanagonje. Kadontho kaja kanasupuka pamwamba pokha n'kupola. Munthu wina wa m'wodi yomweyo amene chilonda chake chinafika pa fupa sanatuluke.

Kunyumba musamugoneke pamphasa. Ngati pali ndalama yoti mugule chinthu chimodzi chokha, gulani matilesi a siponji yokhuthala. Pepala la pulasitiki likhale pansi, pamwamba pakhale nsalu youma yoyalidwa bwino, yopanda makwinya kapena nyenyeswa za chakudya. Ndipo adye. Phala lokha silimanga mnofu. Mazira, usipa, nyemba, nsinjiro, soya, chilichonse chimene chingapezeke.

Nkhani ya mikodzo anthu sakonda kuikamba, koma ndi imene imawononga impso mwakachetechete. Mlongo wanga anatuluka m'chipatala ali ndi chubu chokhalitsa cholumikiza ku thumba. Guttmann ndi Frankel analemba mu 1966 za ubwino wolowetsa kachubu, kutulutsa mikodzo, n'kukachotsa. Kenako mu 1972 dokotala wa ku Michigan ku America, Jack Lapides, anasonyeza kuti wodwala angathe kuchita zimenezi yekha kunyumba, bola manja ndi kachubuko zikhale zotsukidwa bwino ndi sopo ndi madzi oyera, ndiponso chikhodzodzo chisamadzaze mopitirira. Popeza manja a mlongo wanga amagwira, tinapempha namwino kuti amuphunzitse. Musayese nokha musanaphunzitsidwe. Amatulutsa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi alionse, ndipo amayezera m'botolo la theka la lita: mikodzo ikamaposa botololo ndiye kuti akuchedwa. Poyamba ankadzimana madzi poopa kudzinyowetsa pamaso pa alendo. Zimenezo n'zoopsa. Amwe madzi, makamaka masana, n'kuchepetsa kukamada.

Chenjezo lina limene kuno ku England sangakuuzeni: kwathu thupi likangotentha timati malungo. Wovulala msana akatentha thupi, kayezetseni malungo inde, koma muwauzenso achipatala kuti ayeze mikodzo, makamaka ikakhala yamatope, yonunkha kwambiri, kapena miyendo ikamakokeka yokha kuposa masiku onse. Iye sangamve kuwotcha pokodza kumene kumatichenjeza enafe.

Za chimbudzi ndinena mwachidule. Thupi limazolowera nthawi. Sankhani nthawi imodzi, monga patangopita mphindi 20 kapena 30 atadya m'mawa, tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi, ndipo namwino akusonyezeni kathandizidwe kake mutavala magolovesi. Masamba, papaya, nsima ya mgaiwa ndi madzi zimafewetsa. Kambiranani poyera kuti ntchitoyi azigwira ndani. Kwathu zinali zovuta kuti amayi aone umaliseche wa mwana wawo wamkulu, ndiye tinapeza msuweni wamwamuna woti azilandira mlamu wanga akatopa kapena akadwala.

Usiku umene sindidzauiwala ndi umene foni inalira ine ndili pa ntchito. Mlamu wanga ankalira. "Alamu, akuti mutu ukung'ambika, thukuta lili kamukamu kumaso, mphuno zatseka, sindikudziwa chachitika." Chifukwa cha bambo ndimawasamalirawa, ndinadziwa. Ndinati, "Alamu, musawagoneke. Akhazikeni tsonga, miyendo ilendewere pansi. Masulani chilichonse chothina. Tsopano tsatani chubu cha mikodzo ndi dzanja kuyambira pathupi mpaka pa thumba." Nthawi imeneyo anali adakali ndi chubu chokhalitsa chija. Ndinamva kupuma kwake pa foni, kenako anati chubu chapindika pansi pa ntchafu ndipo thumba lilibe kanthu. Atachiwongola mikodzo inayamba kutsika, ndipo pasanathe mphindi zambiri mutu unaleka.

Madokotala amalitchula vutoli kuti autonomic dysreflexia, ndipo limagwira amene anavulala pa T6, mafupa awiri kumunsi kwa T4, kapena pamwamba pake. Kumunsi kukakhala chosautsa chimene munthu sakuchimva, monga chikhodzodzo chodzaza, kudzimbidwa, chilonda, chikhadabo cholowa m'mnofu kapena nsapato yothina, thupi limakweza BP mwadzidzidzi mpaka munthu angathe kuchita sitiroko. Mukapanda kupeza chayambitsa, kapena mutu ukapanda kuleka, thamangirani kuchipatala ali chikhalire. Achipatala ambiri sakumana ndi vutoli kawirikawiri, ndiye tinalemba dzina lake ndi fupa limene anavulala pa tsamba loyamba la buku lake la kuchipatala.

Ku Dedza June ndi July kumazizira kwambiri, ndipo wovulala msana thupi lake silisunga kutentha bwino. Mbaula ikhale patali ndi miyendo yake. Munthu angathe kupsa mpaka mnofu akucheza osadziwa. Madzi osamba aziyamba wawayesa wina ndi dzanja, mbale ya nsima yotentha isaikidwe pantchafu, ndipo usiku neti ipisidwe bwino pansi pa matilesi chifukwa cha udzudzu komanso makoswe, amene amaluma zala zakumapazi mwini wake ali mtulo.

Njinga ya olumala isakhale yongotola. Ikhale yomuyeza, ndipo khushoni yokhalira ndi yofunika mofanana ndi njingayo. Akakhala azidzinyamula ndi manja, kapena kuweramira kutsogolo ndi m'mbali, mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Funsani a mafizo pa chipatala cha boma lanu. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, ku Lilongwe pafupi ndi Kamuzu Central kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, ndipo a MACODA, amene kale ankatchedwa MACOHA, amagwira ntchito ndi anthu a ulumali m'maboma. Miyendo muziipinda ndi kuiwongola tsiku lililonse, pang'onopang'ono, kuti isaume.

Panafika nthawi imene mlongo wanga anatembenukira kukhoma n'kusiya kulankhula. Anali munthu wodzuka m'bandakucha kukasaka makasitomala, ndiye tsopano ankadikira kuti wina amusambitse. Ananena mawu oti bola akanafera pamsewu pomwe paja. Mawu otere musawanyozere ndipo musamukalipire nawo. Khalani naye pafupi, ndipo auzeni achipatala. Chimene chinamudzutsa si malangizo anga a pa foni. Anali anzake a kabaza amene anayamba kumunyamula ndi njinga yake yomwe kupita naye pa siteji kukasewera bawo, ndipo kenako anasonkha ndalama zoyambira bizinesi yotumiza ndi kulandira ndalama pa foni. Guttmann ankaona ntchito ngati gawo la chithandizo, ndipo ndinaziona ndi maso anga nditapita kutchuthi: munthu amene ali ndi makasitomala omudikira amayang'ana yekha khungu lake pa galasi m'mawa osachita kuuzidwa.

Pa mndandanda wa olandira mendulo ija palinso George Bedbrook, amene anayambitsa wodi ya ovulala msana ku Perth ku Australia mu 1954, kutali kwambiri ndi Stoke Mandeville, njira zake zili zomwezo. Ndimailemekeza menduloyi, ndipo amene amailandira ndi oyeneradi. Chimene chimandiwawa n'choti nzeru imene inadziwika mu 1944 sinafikebe kwa gadiyani amene wagona pansi pa bedi usiku uno, m'chilankhulo chimene amamva. Bungwe la WHO limati padziko lonse pali anthu oposa 15 miliyoni amene ali ndi vuto la mtsempha wa mumsana, ndipo amene ali m'mayiko osauka ndi amene amafa msanga ndi zinthu zopeweka zomwezi. ISCoS ili ndi maphunziro aulere pa intaneti otchedwa elearnSCI, ndipo kuyambira 2016 inakhazikitsa 5 September kukhala tsiku lokumbukira ovulala msana. Maphunzirowo mulibe Chichewa, ndiye amene mumamva Chingerezi, makamaka anamwino ndi a mafizo, awerengeni n'kuwamasulira kwa magadiyani wodwala asanatuluke.

Chimene tikulimbana nacho panopa ndi machubu, chifukwa sapezeka nthawi zonse pafupi, ndiye timagula angapo tikawapeza ndipo namwino anatisonyeza katsukidwe ndi kasungidwe kake. Chimbudzi chakale chinali ndi khomo lopapatiza ndi chitunda pakhomo. Tamanga china cha khomo lotakata loti njinga ilowe, tinaika mpando wathabwa wobooka pakati wokutidwa ndi siponji, ndi chitsulo chogwirira kukhoma. Chatsala ndi kuwaka kanjira ka simenti kochokera pakhonde, mvula isanayambe, chifukwa m'matope matayala amatitimira.